Kodi Ndani Ankadwazika Anamwino? Mbiri ya Miliri Iwiri ku Kafue

Amene munaimapo pa mzere wa ku kiliniki mukuwadziwa mau amene amayamba kumveka dzuwa likakwera: "Manesi awa alibe cifundo." Nthawi zina dandaulo limeneli limakhala loona, ndipo wodwala amene wakalipiridwa popanda cifukwa ayenera kudandaula ndithu. Koma kodi munayamba mwadzifunsapo kuti mtsikana amene analowa sukulu ya unamwino ndi mtima wofuna kuthandiza anthu amasintha bwanji, kufikira pomayang'ana wodwala ngati akuyang'ana cipupa? Mbali ina ya yankho ili m'mbiri ya miliri iwiri imene inadutsa m'tauni ya Kafue, wa Edzi ndi wa Korona. Ambiri a inu munabadwa mliri woyambawo utayamba kale kucepa ukali, tsono tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Tauni ya pa njira

Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. Njanji inaoloka mtsinje wa Kafue mu 1906, ndipo kuyambira pamenepo malowa akhala podutsa anthu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la a Kenneth Kaunda linasankha Kafue kuti ikhale tauni ya mafakitale. Kunamangidwa Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, imene inayamba nchito mu 1970, ndiponso Kafue Textiles yoomba nsalu. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito a m'mafakitalewa, amene anabwera kucokera m'zigawo zonse za dziko. Mseu waukulu wocokera ku Lusaka umadutsa m'tauniyi, ndipo ukangooloka mtsinje umagawikana pawiri, wina kupita ku Mazabuka, Monze ndi Livingstone, wina kutsikira ku Chirundu. Onjezani pamenepo asodzi ndi ogula nsomba a m'mbali mwa mtsinje, mudzaona kuti Kafue inali tauni ya anthu a mphamvu zao, oyendayenda ndi olandira malipiro pa mwezi. Anthu a msinkhu umenewu ndiwo amene mliri woyamba unawasankha.

Matenda opanda mankhwala

Mu 1983 dotolo wina wa ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mai Anne Bayley, anaona kuti khansa ya pakhungu yochedwa Kaposi, imene kale inkayenda pang'onopang'ono, inayamba kupha acinyamata mofulumira. Mu 1984 boma linalengeza za wodwala Edzi woyamba m'Zambia. Anthu ankaopa ngakhale kuchula dzina la matendawa. Ankangoti kaliwondewonde, ndipo pa maliro ankati malemu anadwala nthawi yaitali. Mu Okutobala 1987 Pulezidenti Kaunda anadabwitsa dziko lonse lapansi pouza atolankhani kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi Edzi. Komabe manyazi sanathe. Pamene boma linapima magazi a anthu m'dziko lonse mu 2001 ndi 2002, linapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, anthu 16 anali ndi kacirombo ka HIV. M'cigawo ca Lusaka, m'mene muli Kafue, anali 22 pa 100 alionse.

Tsopano taganizirani za namwino wa nthawi imeneyo. Iye anaphunzitsidwa kuciritsa. Mwana wa malungo akabwera akutentha thupi, amamupatsa mankhwala, ndipo patapita masiku atatu amamuona akusewera panja. Cimwemwe cimeneci ndico cakudya ca mtima wa namwino. Koma Edzi inalibe mankhwala m'zipatala za boma kufikira 2002, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa kwa anthu owerengeka ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo anakhala aulere mu 2005. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 20 namwino ankalimbana ndi cifuwa cacikulu ca TB, kutsegula m'mimba kosaleka, zilonda za m'kamwa ndi matenda oumitsa khosi, akudziwa mumtima mwake kuti wodwalayo abweranso ataonda kuposa pamenepo, ndipo ulendo wacitatu kapena wacinai sadzabwereranso kwao.

M'tauni yaing'ono ngati Kafue munalinso cobvuta cina. Namwino wa pa kiliniki ya ku Nangongwe, ku Estates kapena ku Railway sasamala alendo. Amene wagona pa bedi ndi mnzake wa ku sukulu, mphunzitsi wa mwana wake, woimba naye kwaya, kapena mwamuna wa mai woyandikana naye nyumba. Lamulo la nchito limati cinsinsi ca wodwala sicituluka pa khomo la cipatala. Motero namwino ankatha kudziwa zimene magazi a mwamuna aonetsa, kenaka n'kukumana ndi mkazi wake pa msika, ali ndi mwana kumbuyo, n'kupatsana moni ngati palibe kanthu. Katundu wotere sangatulidwe kwa mwamuna wako, kwa amai ako kapena kwa mnzako wa pamtima.

Pamwamba pa zimenezi panabwera umphawi. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale a boma anagwedezeka, ndipo anthu ambiri a ku Kafue anacotsedwa nchito. Mu 1993 boma linayamba kulipiritsa odwala m'zipatala zake. Mankhwala ankasowa, magolovesi ankatha, ndipo ku Lusaka, kumene odwala kwambiri ankatumizidwa, ena ankagona pansi cifukwa mabedi anali odzaza. Wodwala samuona nduna kapena mkulu wa ku likulu. Amene amamuona ndi namwino, ndipo mkwiyo wonse wa acibale unkagwera pa iye.

Nawonso ankafa

Musaganize kuti yunifomu yoyera inkateteza munthu. Kumwera kwa Kafue, m'zipatala ziwiri za ku Southern Province, akatswiri anawerenga anamwino acikazi amene anamwalira, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1994. Pakati pa 1980 ndi 1985, pa anamwino 1,000 alionse pankafa awiri pa caka. Pakati pa 1989 ndi 1991 ciwerengeroco cinafika pafupifupi 27. Tiyeni ticite masamu. Cipatala ca anamwino 100 cinkaika m'manda awiri kapena atatu caka ciliconse, ndipo asanamwalire ankadwala miyezi yambiri, nchito yao n'kugwera anzao otsala.

Taganizirani zimene zimacitika mumtima wa munthu amene akusambitsa mnzake wa pa nchito, amene dzana ankagawana naye tiyi usiku mu wodi. Pa nkhope ya mnzakeyo akuona tsogolo lake lomwe. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe, ndipo kwa anamwino a nthawiyo mwambiwu unali woopsa. Singano ikamulasa cala mwangozi, ankakhala miyezi osagona tulo. Ambiri ankaopa kupimitsa magazi, cifukwa wopimayo anali mnzao wa pa nchito pomwepo. Akaweruka, kunyumba ankapezanso mlongo wodwala amene abale amubweretsa cifukwa "kuno kuli nesi", ndi ana amasiye ofuna sukulu. Ca m'ma 2000 anamwino ambiri anacoka m'dziko kupita ku Britain, Botswana ndi South Africa. Malipiro ocepa ndiwo ankachulidwa kwambiri, koma otsalawo anatsala ndi odwala omwewo ndi manja ocepa.

Dzina linabwera mocedwa

M'zaka zimenezo bala la mumtima wa namwino linalibe dzina, ngakhale m'Cizungu. Mu 1992 Carla Joinson wa ku America analemba za anamwino amene cifundo cao cinatopa, ndipo anachula bvutoli kuti compassion fatigue. Mu 1995 katswiri wa za maganizo Charles Figley anatulutsa buku lofotokoza bwino nkhaniyi, n'kufalitsa dzina lakuti secondary traumatic stress. Tanthauzo lake ndi ili: munthu angathe kubvulala mumtima cifukwa ca zoopsa zimene zagwera wina, ngati akuziona, kuzimva ndi kuzigwira ndi manja tsiku ndi tsiku. Woocha makala sagwera pa moto, koma utsi umamulowa m'cifuwa.

Zizindikiro zake zimafanana ndi za msilikali wocokera ku nkhondo kapena munthu wopulumuka pa ngozi ya basi. Coyamba, zimene anaona zimabwerera zokha. Amalota nkhope ya wodwala, kapena fungo lina limamukumbutsa wodi pamene akuphika nsima kunyumba. Caciwiri, thupi limakhala cire nthawi zonse ngati pali ngozi: tulo timasowa, mtima umagunda, kanthu kakang'ono kamamukwiyitsa. Cacitatu, munthuyo amayamba kuthawa ciliconse comukumbutsa ululu, ndipo mtima umacita dzanzi. Safunanso kudziwa dzina la wodwala, amangoti "wa pa bedi 6". Sayang'ana acibale m'maso. Dzanzi limeneli ndilo limene anthu a pa mzere amaliona n'kuliyesa nkhanza. Kunena zoona, kawirikawiri amene amagwidwa kwambiri ndi amene anali ndi cifundo cacikulu poyamba, pakuti ndiwo anatsegula mtima wao.

Bvutoli limasiyana ndi kutopa wamba ndi nchito, ngakhale ziwirizi zimayendera limodzi. Wotopa ndi nchito akapita pa chuti amabwerako atapepukidwa. Koma maloto oopsa amamutsata munthu mpaka kumudzi kumene wapita kukapuma.

Pali cinthu cina cimene ife a kuno tingacimvetse msanga kuposa akatswiri a kunja. Pa mwambo wathu, imfa siisenzedwa ndi munthu mmodzi. Anthu amasonkhana pa nyumba ya maliro, amai amalira m'nyumba, abambo amaotha moto panja, kwaya imaimba usiku wonse, ndipo pambuyo pa kuika maliro abale amakhala pansi n'kukambirana. Zonsezi ndi mankhwala a otsala. Nanga namwino? Iye amatseka maso a womwalirayo, amaitana onyamula mtembo, amasintha nsalu za pa bedi, ndipo ola lisanathe pagona wodwala wina. Iye si mwini maliro, tsono palibe amene amamupepesa. Akalira pa nchito amaoneka wofooka. Anamwino a m'zaka za Edzi anaona imfa mazanamazana popanda mwambo ndi umodzi womwe wowatula cisoni.

Pamene akatswiri anayamba kufunsa anchito a zaumoyo eni ake, mayankho anali olemera. Kafukufuku wa m'maboma awiri a m'Zambia, wosindikizidwa mu 2007, anapeza kuti 62 pa 100 alionse mwa ofunsidwa anali otheratu mphamvu mumtima. Wina wa m'makiliniki a mu Lusaka, wosindikizidwa mu 2009, anafunsa anchito 483, ndipo 51 pa 100 alionse anati nchito yawatopetsa kotheratu. Dziwani kuti pa nthawi ya kafukufuku waciwiriyu ma ARV anali atafika kale.

Zimene zinapeputsa katundu

Thandizo loyamba linacokera pafupi ndi Kafue pomwe. Tsidya lina la mtsinje, mukapatuka pa mseu wa ku Mazabuka, pali cipatala ca Chikankata ca mpingo wa Salvation Army. Mu 1987 anchito a kumeneko anaona kuti mawodi sangakwane, ndipo anayamba kutsata odwala kumidzi kwao, kuphunzitsa acibale kasamalidwe ka wodwala ndi kukambirana ndi mudzi wonse za matendawa. Njira imeneyi yosamalira odwala kunyumba inachuka m'maiko ambiri a mu Africa. M'zaka za m'ma 1990 mipingo yambiri inaitengera, makamaka maparishi a Katolika a ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo amai odzipereka ankayenda m'makomboni ndi sopo, ufa wa phala ndi mankhwala opha ululu. Mutu umodzi susenza denga. Wodwala akakhala ndi anthu khumi omuzungulira, namwino salinso yekha.

Mu 1989 wansembe wa ciJezuiti, bambo Michael Kelly, anayambitsa Kara Counselling ku Lusaka, kumene anthu ankaphunzira luso la uphungu. Mu 1990 mnyamata wina, Winstone Zulu, anaimirira poyera n'kunena kuti ali ndi kacirombo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2011. Cinsinsi cikayamba kucepa m'mudzi, katundu wa wosunga cinsinsi amacepanso. Bungwe la anamwino la Zambia Nurses Association, mothandizana ndi anamwino a ku Norway, linakhazikitsa timagulu m'mene anamwino ankakumana okhaokha, kuthandiza anzao odwala ndi kulankhula zimene sakanatha kunena kwina. Mu 2005 bungwe la anamwino a dziko lonse lapansi, International Council of Nurses, linayambitsa thumba lolipirira sukulu ana akazi amasiye a anamwino, ndipo Zambia inali limodzi mwa maiko anai oyamba kuthandizidwa.

Koma mankhwala akulu a mtima wa namwino anali ma ARV. Munthu amene anabwera pa wilibala ankabweranso patapita miyezi itatu akuyenda yekha, atanenepa, akufunsa za nchito. Ena ankati ndi kuuka kwa Lazaro. Namwino anayambanso kuona cimene anaphunzirira: wodwala wocira.

Tsiku limene Kafue inatsekedwa

Pa 18 Marichi 2020 boma linalengeza za anthu awiri oyamba opezeka ndi Korona m'Zambia. Pasanathe mwezi, matendawa anapezeka mwa anthu a ku Kafue, ndipo pa 15 Epulo 2020 tauni yonse inatsekedwa. Nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Chitalu Chilufya, inauza anthu kuti akhale m'nyumba zao, misika ndi masitolo zinatsekedwa, ndipo anchito a zaumoyo anayenda m'makomboni kupima anthu. Ambiri a inu mukulikumbukira tsiku limenelo. Pamene aliyense ankauzidwa kuti athawe mnzake, anamwino ankatumidwa kuti amuyandikire.

Mliri waciwiriwu unali ndi ululu wakewake. Edzi siiyenda mu mpweya, koma Korona inkatha kumugwira namwino pongopuma pafupi ndi wodwala, ndipo iye ankaopa kukapatsira ana ake ndi makolo ake okalamba. Ena ankakhala masabata osapita kunyumba, ndipo ena anasalidwa ndi anansi ao. M'zipatala zathu wodwala amakhala ndi womudwazika, mai kapena mlongo amene amamudyetsa, kumusambitsa ndi kumutembenuza. M'mawodi a Korona acibale sankaloledwa. Namwino anakhala mai, mlongo ndi mbusa nthawi imodzi, ndipo nkhope yomaliza imene womwalira ankaona inali yake, yobisika kuseri kwa masiki. Ngakhale maliro ankaikidwa mofulumira ndi anthu owerengeka, kotero kuti mwambo wotula cisoni unasowa kwa aliyense.

Katemera anafika mu 2021, ndipo anchito a zaumoyo anali m'gulu loyamba kulandira mu Epulo. Komabe mu Juni ndi Julayi caka comweco mliri unafika pacimake. Mabedi anadzaza, mpweya wa okosijeni unapereŵera, ndipo namwino ankaona munthu akubanika pamene cothandizira cili ndi wodwala wina. Anthu oposa 4,000 ndiwo analembedwa m'mabuku a boma kuti anafa ndi Korona m'Zambia. Masisita akuluakulu amene ankatsogolera mawodi pa nthawiyi anali atsikana aja amene anayamba nchito m'zaka za Edzi. Akatswiri amatiuza kuti bala la mumtima losapola limatukusikanso munthu akakumana ndi zofanana ndi zakale.

Zinthu zina zasintha. Mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda. Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000. Koma miliri siinathe. Kolera ya 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700, kufikira bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka linasandutsidwa cipatala. Ndipo kwa anthu ambiri, kupita kwa mphungu kumamvekabe ngati kupita ku Chainama, kumene amati ndi kwa amisala. Manyazi amenewa amamutseka pakamwa namwino monga m'mene manyazi a Edzi ankatsekera pakamwa odwala ake.

Nanga inu mungacitepo ciani?

Mbiri imeneyi siikuti namwino wamwano asadzudzulidwe. Wodwala ayenera kulemekezedwa nthawi zonse. Koma ikutiphunzitsa kuti kukalipira kokha sikubwezera cifundo mumtima umene wacita dzanzi. Cimene cinathandiza m'zaka za Edzi ndi anthu ogawana katundu, malo olankhulirapo momasuka, ndi zipangizo zoti wodwala acire.

Ngati amai anu, azakhali kapena acimwene anu ndi namwino, yang'anani bwino. Akabwera ku nchito ya usiku, asiyeni agone, ndipo nchito za pakhomo muzigwire ndinu. Akafuna kulankhula, mvetserani popanda kufunsa maina a odwala. Mukaona kuti kwa masabata angapo sakugona, akukwiya msanga, akudzipatula kapena ayamba kumwa mowa kwambiri, uzani wamkulu amene iwo amamukhulupirira, kuti awalimbikitse kukaonana ndi mphungu kapena dotolo. Bvutoli limacizika, ndipo kupempha thandizo si misala. Gulu lanu la acinyamata likamapita kukaona odwala ku cipatala, patulani mphindi zocepa zopatsa moni anamwino ndi kuwafunsa kuti adzuka bwanji. Mudzadabwa kuona kuti ndi ocepa amene amawafunsa funso limeneli.

Ndipo inu amene mukulakalaka kubvala yunifomu yoyera, musabwerere m'mbuyo, pakuti dziko likukufunani. Koma lowani mukudziwa kuti nchitoyi ili ndi utsi wake. Pezani mnzanu wa pa nchito amene mungamuuze kuti lero zandipweteka, ndipo inunso mukhale wotero kwa iye. Wodwala amene munamusamala akamwalira, dzipatseni nthawi yomulira, ngakhale simuli mwini maliro. Paja kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu.